Opaleshoni ya chilungulira: kukulunga chifu, mikanda ya maginito kapena kupitiriza mankhwala?

Anthu ambiri amene avutika ndi chilungulira kwa zaka, akamva kuti pali opaleshoni, amaganiza kuti dokotala akakonza mnofu wofooka wa pakhomo la chifu kuti uzigwira ntchito ngati kale. Komatu pafupifupi maopaleshoni onse amene amachitika masiku ano saukhudza mnofuwo. Amaubweza pamalo pake, amauzungulira ndi chinachake, kapena amachepetsa asidi amene amafika pamenepo. Mnofu weniweniwo umakhala momwe unalili. Izi n'zofunika kuzidziwa musanasankhe njira, chifukwa chimene chimatsekereza asidi kuti asakwere n'chomwecho chimene chingakulepheretseni kugeya, kusanza, ngakhale kumeza bwino. Ndiye funso lalikulu ndi lakuti khomolo lithinitsidwe kufika pati, komanso ndi chiyani.

Mnofu umene tikuunenawo

Mmero ndi mpope umene umatsitsa chakudya kuchokera kukhosi kupita m'chifu. Kumapeto kwake kuli chigawo cha masentimita 2 mpaka 4 pamene mnofu umakhala wofinya nthawi zonse. Madokotala amaufupikitsa dzina kuti LES. Munthu sangaulamule monga mmene amapindira chala. Ukakhala phee, mphamvu yake yofinya imakhala pafupifupi 10 mpaka 30 mmHg (muyezo womwe uja woyezera BP) kuposa ya m'chifu. Mukameza umamasuka kwa masekondi angapo, chakudya n'kudutsa, iwo n'kutsekanso.

Mnofuwu suli wokha pa ntchitoyi. Mmero umadutsa pabowo la dayafulamu, mnofu waukulu wopumira umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. M'mphepete mwa bowolo mumapana mmero chakunja, makamaka mukakoka mpweya, mukatsokomola kapena mukanyamula katundu. Komanso kachigawo ka mmero kamayenera kukhala kunsi kwa dayafulamu, m'mimba, kuti mimba ikakankha, mphamvu yomweyo izifinyanso mmero. Ndiye palinso mmene mmero umalowera m'chifu chopendekeka, n'kupanga ngodya yosongoka yotchedwa ngodya ya His. Chifu chikadzaza, mbali yake ya pamwamba imakankha ngodyayo n'kutseka khomo.

Mu 1980, John Dent ndi anzake anasonyeza chinthu chimene chinasintha kamvedwe ka matendawa. Kwa anthu ambiri, asidi sakwera chifukwa choti mnofuwo ndi wofooka tsiku lonse. Amakwera pa nthawi imene mnofuwo wamasuka wokha popanda kumeza, n'kukhala chotseguka masekondi opitirira 10. Kumasuka kumeneku si matenda. Ndi njira imene thupi limatulutsira mpweya umene tameza. Mbali ya pamwamba ya chifu ikatanuka, uthenga umapita ku ubongo kudzera mu mtsempha wa vagus, ubongo n'kulamula kuti khomo litseguke, munthu n'kugeya. Kwa wodwala chilungulira, asidi amakwerera pomwepo. Pakakhalanso hiatus hernia, kumene kuli kukwera kwa mbali ya chifu m'chifuwa kudzera pabowo lija, mnofu wa mmero ndi wa dayafulamu amasiyana malo, ngodya ija imafutukuka, ndipo zinthu zimaipiratu.

Njira iliyonse imene ndifotokoze pano iyesedwe ndi mafunso awa: kodi ikubweza mmero m'mimba? Kodi ikuchepetsa kumasuka kopanda kumeza kuja? Nanga ikusiya mpata wotani woti chakudya chitsike ndi mpweya utuluke?

Mankhwala

Omeprazole, esomeprazole, pantoprazole ndi anzawo a gulu la PPI amachepetsa asidi amene chifu chimapanga. Pa mnofu wa pakhomo sachitapo kanthu. Zam'chifu zimakwerabe kangapo patsiku monga kale, kungoti sizikuwotcha. N'chifukwa chake mankhwalawa amathetsa bwino kutentha pamtima ndi zilonda za mummero, koma amalephera kawirikawiri kwa munthu amene madzi ndi chakudya zimamubwerera mkamwa akawerama kapena akagona. Baclofen amachepetsako kumasuka kwa mnofu kuja, koma amagonetsa ndi kuchititsa chizungulire, moti ndi ochepa amene amapirira nawo nthawi yaitali.

Kafukufuku wa LOTUS, amene anachitika m'mayiko a ku Ulaya pa anthu 554 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anayerekeza esomeprazole ndi opaleshoni kwa zaka 5. Onse amene analowamo anali oti mankhwala amawathandiza. Pamapeto pake, 92 pa 100 alionse a mankhwala ndi 85 pa 100 alionse a opaleshoni anali bwino. Koma taonani madandaulo awo. Kubwerera kwa asidi mkamwa kunavutitsa 13 pa 100 a mankhwala, pamene a opaleshoni anali 2 okha. Kuvutika kumeza kunali 5 kwa a mankhwala ndi 11 kwa a opaleshoni. Kufufuma mimba kunali 28 ndi 40, ndipo kuchuluka kwa mpweya wotuluka kumunsi kunali 40 ndi 57. Manambala amenewa akufotokoza bwino zimene opaleshoni imachita pa khomo la chifu: imatseka njira yokwerera, ndipo mpweya umene ukanatuluka pakamwa umafuna kwina kotulukira. Ine ndimaona kuti ngati piritsi limodzi patsiku likukupatsani mtendere ndipo mulibe hernia yaikulu, palibe chifukwa chothamangira mpeni.

Nissen: kukulunga kozungulira konse

Rudolf Nissen, dokotala wa ku Germany amene anachoka kwawo mu 1933, akugwira ntchito ku Istanbul anachita opaleshoni mnyamata wina wa chilonda cha kumapeto kwa mmero. Pofuna kuteteza msoko, anaukulunga ndi khoma la chifu. Patapita zaka anaona kuti munthuyo sanavutike ndi asidi mummero monga zinkachitikira ena. Mu 1955, ali ku Basel, anachita dala kukulunga kumeneku pofuna kuchiza chilungulira, ndipo analemba za izo mu 1956. Mu 1991 Bernard Dallemagne wa ku Liège anafotokoza za kuchita opaleshoniyi kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ndi kamera, ndipo umu ndi mmene imachitikira kwambiri lero.

Ntchito yake ili pawiri. Choyamba dokotala amamasula mmero n'kuutsitsa kuti masentimita 2 kapena 3 akhale m'mimba popanda kuukoka mwamphamvu, kenako amasoka bowo la dayafulamu kuti lichepe. Gawo limeneli anthu salitchula kawirikawiri, chonsecho mbali yaikulu ya kuchira imachokera pomwepa, chifukwa limabwezeretsa mnofu wa mmero ndi wa dayafulamu pamalo amodzi. Chachiwiri amatenga mbali ya pamwamba ya chifu, n'kuipititsa kumbuyo kwa mmero, n'kuikumanitsa kutsogolo, n'kusoka. Mmero umakhala wozingidwa madigiri 360, ngati mpango wozungulira khosi.

Tsono chimachitika n'chiyani pa mnofu wathu uja? Akayeza pambuyo pa opaleshoni, mphamvu yofinya pakhomopo imapezeka kuti yakwera, ndipo chigawo chofinyacho chatalikirako. Kale ankaganiza kuti chinsinsi chake n'chimenechi. Koma anaona kuti ngakhale odwala amene mphamvuyo sinakwere kwambiri ankachira. Kafukufuku wa ku Adelaide wa mu 1993 anasonyeza kuti kumasuka kopanda kumeza kuja kunachepa ndi theka, ndipo pa nthawi zimene kunachitikabe, zimene zinakweza asidi zinatsika kuchoka pa 47 kufika pa 17 pa 100 zilizonse. Chifukwa chake n'chomveka: mbali ya chifu imene imatanuka n'kutumiza uthenga woti khomo litseguke ndi yomweyo imene yakulungidwa pa mmero, ndiye sitanukanso momasuka. Anapezanso kuti ngakhale mnofu utamasuka pomeza, pakhomopo pamatsala mphamvu yofinya pang'ono, imene inakwera kuchoka pa 0.7 kufika pa 6 mmHg. Kunena kwina, khomolo silitsegukanso mpaka kumapeto. Komanso chifu chikadzaza, chokulungacho chimadzaza nacho n'kufinya mmero kwambiri, pa nthawi yeniyeni imene asidi akanakwera.

Mphamvu yotsala ija ndiyo imaletsa asidi, ndiponso ndiyo imavutitsa pomeza. Pafupifupi aliyense amamva chakudya chikuima pachifuwa m'milungu yoyamba chifukwa cha kutupa, ndipo kwa ambiri zimatha pakati pa milungu 6 ndi 12. Kwa ena zimakhalitsa, mpaka pamafunika kufutukula khomolo ndi chipangizo, kapena kuchitanso opaleshoni. Vuto lina ndi mpweya. Odwala chilungulira ambiri anazolowera kumeza malovu pafupipafupi kuti atsitse asidi, ndipo kumeza kulikonse kumalowetsa mpweya. Chizolowezicho sichitha tsiku la opaleshoni. Mpweya umadzaza m'chifu, kugeya kukukanika, mimba n'kufufuma ndi kupweteka. Kusanza nako kumavuta kapena kukanikiratu. Munthu amangochita nseru ndi kudzikakamiza koma osatuluka kanthu. Ndikuona kuti mfundo imeneyi odwala ambiri sauzidwa momveka, ndipo amadzaidziwa tsiku limene adwala m'mimba.

Chifukwa cha mavuto amenewa, madokotala anasintha kachitidwe. Nissen mwini ankakulunga motalika. Masiku ano amakulunga masentimita 2 kapena kucheperapo, momasuka, ndipo ambiri amalowetsa chubu chachikulu mummero posoka kuti asathinitse mopitirira. Ena amadulanso timitsempha ta magazi tolumikiza chifu ndi kapamba kuti chifu chizungulire popanda kukokeka. Nissen wa lero si wa mu 1956, ndipo zimene mumamva kwa munthu amene anachitidwa zaka 40 zapitazo sizingakhale zofanana ndi zimene mungakumane nazo.

Toupet ndi Dor: kusiya mpata

André Toupet wa ku France anafotokoza mu 1963 njira yopititsa chifu kumbuyo kwa mmero koma osachikumanitsa kutsogolo. Mbali ziwirizo amazisokera m'mphepete mwa mmero, n'kuzinga madigiri pafupifupi 270, kutsogolo n'kukhala kopanda kanthu. Njira ya Jacques Dor wa ku Marseille, ya mu 1962, imapinda chifu kutsogolo kwa mmero madigiri pafupifupi 180. Kubweza mmero m'mimba ndi kusoka dayafulamu n'chimodzimodzi ndi Nissen.

Pa mnofu wa pakhomo, kusiyana kwake kuli apa: mphamvu yofinya imakwera, koma mocheperako, ndipo pomeza khomo limatseguka bwino kuposa pa Nissen chifukwa mbali imodzi ya mmero ili ndi potanukira. Mpweya nawo umapeza potulukira. Kwa zaka zambiri, makamaka ku United States, panali chikhulupiriro choti kukulunga kosazungulira konse sikukhalitsa, ndipo ankakusungira anthu amene mmero wawo sukankha chakudya mwamphamvu. Makafukufuku ogawa odwala mwachisawawa sanagwirizane ndi mantha amenewo pa njira ya Toupet. Mmodzi wa ku Stockholm, wa anthu oposa 450, amene anatuluka mu 2019, anapeza kuti Toupet ndi Nissen anachepetsa asidi mummero mofanana, koma ochitidwa Toupet ankameza bwino. Makafukufuku ena akawaphatikiza amasonyezanso kuti ochitidwa Toupet amageya mosavuta ndipo safufuma mimba kwambiri.

Kukulunga kwa kutsogolo kwa madigiri 180 ndi kumene kumavutitsa pang'ono pomeza, koma asidi amabwerera kawirikawiri kuposa pa Nissen. Kwa madigiri 90 kokha kumaoneka kuti sikukwanira. Njira ya Dor imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa matenda ena, a achalasia, pamene dokotala wadula dala mnofu wa pakhomo chifukwa sukumasuka, ndiye akufuna kuteteza asidi popanda kutsekanso njira.

Mukandifunsa maganizo anga, kwa munthu wamba wa chilungulira chotsimikizika amene wasankha opaleshoni, Toupet ndiyo yoyenera kuyamba kuiganizira. Koma luso la dokotala limaposa dzina la opaleshoni. Dokotala amene wachita Nissen womasuka kambirimbiri angakuchiteni bwino kuposa amene akuyesa Toupet mwa apo ndi apo.

Mikanda ya maginito

LINX ndi kachingwe ka mikanda ya titanium, uliwonse wokhala ndi maginito mkati, kamene amamanga mozungulira kumapeto kwa mmero. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku United States, linavomereza kachipangizoka mu 2012. Chifu sachikhudza. Maganizo oika chinthu chozungulira mmero si atsopano: cha m'ma 1979 kunabwera mphete ya silicone ya Angelchik, imene inaikidwa mwa anthu masauzande ambiri, kenako inasiyidwa chifukwa inkasuntha, kuboola khoma la mmero ndi kulepheretsa kumeza. LINX inapangidwa kuti izitanuka, mosiyana ndi mphete youma ija.

Mmene imagwirira ntchito pa mnofu ndi mosiyana ndi kukulunga. Siyenera kufinya mmero ukakhala phee. Ikaikidwa bwino imangogona pamwamba pake. Ntchito yake imayamba pamene chifu chadzaza n'kuyamba kukoka mnofuwo kuchokera kumunsi kuti ufupike ndi kutseguka. Maginito amakana kulekana, khomo n'kukhalabe lotseka. Koma mphamvu ikakula, monga pomeza, pogeya kapena posanza, mikandayo imatalikirana n'kupereka njira. N'chifukwa chake ambiri amene ali ndi LINX amatha kugeya ndi kusanza, ndipo ubwino wake waukulu ndi umenewu.

Pa kumeza nkhani ndi ina. M'kafukufuku wa anthu 100 amene anatuluka mu 2013, anthu 68 anavutika kumeza atangochitidwa; patatha chaka anatsala 11 pa 100, ndipo patatha zaka 3 anatsala 4. Chimene chimachitika n'chakuti thupi limakuta mikandayo ndi chipsera, ndipo chipseracho chikalimba mikandayo isakusuntha, khomo limauma. Motero malangizo a pambuyo pa LINX ndi otsutsana ndi a Nissen: m'malo mwa zamadzimadzi kwa milungu, wodwala amauzidwa kuyamba msanga chakudya chotafuna, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kuti mikandayo izitseguka. Mmero umayenera kukhala wamphamvu zokwanira kulekanitsa maginitowo, choncho njirayi siyenera munthu amene mmero wake sukankha bwino. Kwa anthu obwerera madzi mkamwa ngakhale akumwa mankhwala, kafukufuku wa CALIBER anapeza kuti patatha miyezi 6, 89 pa 100 a LINX anali atapeza mpumulo, pamene mwa amene anangowonjezeredwa PPI kukhala kawiri patsiku anali 10 okha.

Anthu ochepa pa 100 alionse amadzachotsedwa kachipangizoka, makamaka chifukwa cha kumeza kovuta kapena kupweteka pachifuwa. Kuboola khoma la mmero kumachitika kwa osakwana 1 pa 100. Palinso nkhani ya MRI, makina ojambula mkati mwa thupi ndi maginito amphamvu: mtundu watsopano wa LINX umalola makina a mphamvu yofika pa 1.5 Tesla, osati amphamvu kuposa pamenepo, ndipo munthu wa matenda a msana kapena a ubongo amene adzafunika kujambulidwa kawirikawiri aganizirepo bwino. Poyamba LINX inkaikidwa kwa anthu a hernia yaing'ono okha popanda kukhudza kwambiri dayafulamu, koma madokotala anaona kuti zotsatira zimakhala bwino akasokanso bowo lija. Izi zikutsimikiza kuti ngakhale pano, dayafulamu ikusenza gawo lalikulu la ntchito. Chimene LINX ilibe ndi mbiri yaitali ngati ya kukulunga chifu, kumene kwatsatidwa kwa zaka zoposa 60. Kwa wachinyamata amene adzakhala ndi chitsulo chimenechi moyo wake wonse, mfundo imeneyi si yaing'ono.

Zodzera pakamwa

Pali njira ziwiri zodziwika zosang'amba pamimba. TIF imagwiritsa ntchito chipangizo cha EsophyX, chimene chinaloledwa ku United States mu 2007. Amachilowetsa pakamwa, n'kupinda pamwamba pa chifu kuchokera mkati, n'kumanga ndi timapini ta pulasitiki kuti pakhale kachitseko ka masentimita 2 kapena 3. Imabwezeretsa ngodya ija ndipo sivutitsa kwambiri pomeza kapena pogeya. Koma kuchokera mkati simungasoke dayafulamu, ndiye imayenera anthu opanda hernia kapena a hernia yosapitirira masentimita 2, ndipo sichepetsa asidi mofika pa Nissen. Madokotala ena tsopano amayamba asoka dayafulamu kudzera m'timabowo kenako n'kuchita TIF, koma pamenepo ubwino wosang'amba pamimba wapita.

Stretta, imene inaloledwa mu 2000, ndiyo yokha imene imalowa mu mnofu weniweniwo. Tisingano timabaya khoma la mmero n'kutenthetsa mnofu ndi mafunde a wailesi, n'cholinga choti unenepe ndi kuuma pang'ono. N'zochititsa chidwi kuti njira imene imakhudza mnofu mwachindunji ndiyo ili ndi umboni wofooka kuposa zonse. Mu 2015 anaphatikiza makafukufuku ogawa odwala mwachisawawa n'kupeza kuti Stretta sinasinthe mphamvu ya mnofuwo kapena kuchuluka kwa asidi moposa kungonamizira kuchita opaleshoni. Ine sindingailimbikitse kwa munthu wa asidi wambiri wotsimikizika.

Munthu wonenepa kwambiri

Apa mawerengedwe amasintha. Mafuta a m'mimba amakankha chifu nthawi zonse, ndipo amakankhanso chokulunga chija ndi misoko ya dayafulamu. Kwa munthu wa BMI (muyezo woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu) ya 35 kapena kuposa, madokotala ambiri amasankha opaleshoni ya Roux-en-Y. Iyi sithinitsa mnofu wa pakhomo n'komwe. Amadula kathumba kakang'ono ka chifu, ka mamililita pafupifupi 30, n'kukalumikiza ku matumbo. Mbali yaikulu yopanga asidi imakhala kuti yalekanitsidwa ndi mmero, ndulu imadutsa kutali, ndipo kuonda kumachepetsa kukankha kwa mimba. Khomo likhoza kukhala lofookabe, koma chokwera palibe. Mtengo wake ndi kumwa mavitamini ndi michere moyo wonse ndi kusintha kadyedwe.

Chenjerani ndi opaleshoni ina yochepetsa thupi yotchedwa sleeve, imene imachotsa mbali yaikulu ya chifu n'kusiya kachubu. Imachotsa mbali ya pamwamba ija, imafutukula ngodya ya His, ikhoza kudula minofu ina yothandiza kutseka khomo, ndiponso imakweza mphamvu ya m'chifu. Kawirikawiri imakulitsa chilungulira kapena kuchiyambitsa kumene, ndipo chifu chokulungira mmero chimakhala kuti palibenso.

Kodi zimakhalitsa?

Ku Sweden anatsatira anthu 2,655 amene anachitidwa opaleshoni ya chilungulira ya timabowo, ndipo mu 2017 analengeza kuti patatha zaka pafupifupi 5 ndi theka, 17.7 pa 100 alionse anali atabwerera pa mankhwala a nthawi yaitali kapena kuchitidwanso opaleshoni. Ndiye kuti ambiri anachira, komabe pafupifupi mmodzi pa anthu 6 alionse vuto linabwerera. Popeza mnofu weniweni sunasinthe, zimene zinamangidwa mouzungulira zikagwa, munthu amabwerera pamene anali. Chochitika kawirikawiri n'chakuti misoko ya dayafulamu imamasuka, chokulunga chonse n'kukwera m'chifuwa. Pajatu dayafulamu sipumula. Imasuntha nthawi iliyonse imene tikoka mpweya, usana ndi usiku. Nthawi zina chokulungacho chimamasuka, kapena chimatsetserekera kumunsi n'kuzinga chifu m'malo mwa mmero, zimene zimabweretsa asidi ndi kumeza kovuta nthawi imodzi. Ngati mmero unafupika chifukwa cha zipsera, dokotala angafunike kuutalikitsa ndi kachigawo ka chifu, njira ya Collis, apo ayi umakokera zonse m'chifuwa. Opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba ndipo zotsatira zake sizifika pa yoyamba.

Dziwaninso kuti kwa anthu amene khungu la mkati mwa mmero linasintha, matenda a Barrett, opaleshoni sinasonyeze kuti imateteza khansa kuposa mankhwala. Kuunikidwa ndi kamera kumapitirira ngakhale chilungulira chitatha.

Kuyeza musanasankhe

Pa zonse zimene ndalemba, gawo ili ndi limene ndikufunitsitsa kuti mulisunge. Kafukufuku wina wa m'zipatala za asilikali opuma ku United States, amene anatuluka mu 2019, anatenga anthu 366 amene chilungulira chawo sichinkamva mankhwala a PPI. Atawayeza mosamala, 78 okha ndi amene anafika poti n'kugawidwa kuti ena achitidwe opaleshoni ena apatsidwe mankhwala. Enawo, ena anachira atangophunzitsidwa kumwa mankhwala moyenera, chakudya chisanafike; ena anapezeka ndi matenda ena a mmero; ambiri analibe asidi wochititsa ululuwo; ena anasiyira panjira. Mwa amene anachitidwa opaleshoni, 67 pa 100 anathandizika, poyerekeza ndi 28 mwa amene anawonjezeredwa mankhwala. Opaleshoni inagwira bwino ntchito, koma kwa kagulu kochepa kosankhidwa bwino.

Choncho musalole kuthinitsidwa khomo la chifu musanayezedwe zinthu izi. Kamera ya pachubu imaona zilonda, hernia ndi Barrett. Manometry, kachubu kolowera pamphuno, imayeza mphamvu ya mnofu wa pakhomo ndi mmene mmero umakankhira chakudya. Cholinga chake chachikulu ndi kuonetsetsa kuti mulibe achalasia, imene nthawi zina imaoneka ngati chilungulira. Kukulunga mnofu umene ukukanika kale kumasuka kungachititse kuti munthu asathe kudya. Imaonetsanso mmero wofookeratu, monga wa odwala scleroderma (matenda oumitsa khungu ndi ziwalo zamkati), umene sungakankhe chakudya kudutsa Nissen kapena maginito. Kenako pali kuyeza asidi kwa maola 24, kapena masiku angapo ndi kakapisozi komatidwa mummero. Asidi akakhalamo nthawi yoposa 6 pa 100 ya tsiku munthu asakumwa mankhwala, matendawo atsimikizika. Pa hernia yaikulu amajambulanso munthu akumeza barium, madzi oyera amene amaoneka pa X-ray.

Amene amapindula kwambiri ndi opaleshoni ndi munthu wa zizindikiro zodziwika, kutentha pamtima ndi kubwerera kwa zam'chifu, amene asidi wake wapezeka wochuluka poyeza, ndiponso amene mankhwala amamuthandizako ndithu. Zimamveka zachilendo kuti wothandizika ndi mankhwala ndiye woyenera mpeni, koma tanthauzo lake n'lakuti ululu wake ukuchokeradi ku asidi. Amene vuto lake ndi chifuwa chosatha, kusasa mawu kapena kumva chinthu pakhosi, popanda chilungulira, zotsatira zake sizidalirika chimodzimodzi. Ndipo ngati chakudya chayamba kuima pomeza, mukuonda osadziwa chifukwa, mukusanza magazi kapena chimbudzi chikuda bii, pitani mukaunikidwe msanga, chifukwa zimenezo zingakhale matenda ena oposa chilungulira.

Mukakhala pamaso pa dokotala, afunseni kuti amachita maopaleshoni amenewa angati pachaka, akulunga madigiri angati ndipo chifukwa chiyani kwa inuyo, komanso hernia yanu ndi yaikulu bwanji. Afunseninso za mankhwala oletsa nseru oti mukhale nawo kunyumba. Kudzikakamiza kusanza m'milungu yoyamba, misoko isanagwire, kukhoza kukankhira chokulunga chija m'chifuwa, ndipo pa chifukwa chomwecho mudzauzidwa kupewa zakumwa za gasi ndi kunyamula zolemera kwa milungu pafupifupi 6.